Imelo ya kuntchito: bwanji ena amayankhidwa tsiku lomwelo, ena amadikira masabata awiri?

Tadala: Muli bwanji nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumakhalira maimelo tsiku ndi tsiku. Anthu awiri atha kulembera munthu mmodzimodzi, nkhani yake yofanana, wina n'kuyankhidwa dzuwa lisanafike paliwombo, wina n'kudikira mpaka kutopa. Kusiyana kumakhala pati? Ndi chilankhulo, kutalika kwa uthenga, kapena mwayi basi?

aMwale: Tili bwino, Tadala. Mwayi ulipo koma ndi wochepa. Chachikulu ndi ichi: wolandira akamaliza kuwerenga, akudziwa chimene akuyenera kuchita? Munthu amene wapeza maimelo 50 m'mawa sawerenga ngati buku. Amaona mutu, mizere iwiri yoyamba, n'kusankha kuti iyi ndiyankha pompano, iyi ndiiona mawa. Mawa limenelo nthawi zambiri silifika. Imelo imene imakankhidwira ku mawa ndi ija yomupatsa wolandira ntchito yofufuza kuti kodi ameneyu akufuna chiyani kwenikweni.

Ndiye pempho likhale pamwamba, mbiri ya nkhani ibwere pambuyo. Wina amayamba chonchi: "Monga mukudziwa, mwezi watha tinali ndi msonkhano wa lipoti la kotala, ndipo panatuluka mfundo zingapo, kenaka gulu lathu linakumananso..." Ndime zitatu zatha, pempho lili pansi penipeni pomwe maso a munthu safikako. Wina amalemba chonchi: "Ndikupempha kuti musayine tsamba 4 la lipoti limene ndaphatikiza pano pofika Lachinayi pa 10 Epulo, 12 koloko masana, kuti tilipereke kwa a zachuma Lachisanu." Chiganizo chimodzi, koma muli chochita, malo ake enieni, tsiku, ndi chifukwa. Zina zonse zitha kutsatira m'munsi kwa amene akufuna kuwerenga.

Mai Nkhoma: Ndikugwirizana nawo aMwale, koma nkhani imayambira pamwamba pake, pa mutu wa imelo. Mitu ngati "Moni", "Pempho", "Chonde thandizeni" kapena "Zofunika mwachangu" sinena kanthu. Mutu wabwino umatchula chinthu ndi zimene zikufunika pa chinthucho: "Invoisi 2087: ikudikira siginecha yanu pofika 10 Epulo". Munthu wadziwa nkhani asanatsegule n'komwe. Ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi, akalemba 2087 pa malo ofufuzira, imelo imatuluka yokha. Nanga "Moni" wanu adzamupeza bwanji pakati pa ma "Moni" mazana awiri?

Mawu ofunika ayambe. Pa foni mutu umadulidwa, amangooneka mawu oyamba anayi kapena asanu, ndiye mukayamba ndi "Ndikulemba pofuna kukudziwitsani za..." zenizeni zonse zagwera kuseri.

Chinanso chimene chimasokoneza kwambiri ndi ulesi wofuna adiresi. Munthu amatsegula imelo yakale, kudina Reply, n'kulembamo nkhani ina kotheratu. Pempho la tchuthi likukhala pansi pa mutu wa invoisi. Gmail ndi Outlook amaunjika maimelo a nkhani imodzi pamodzi, ndiye uthenga wanu watsopano umakwiririka mu mulu umene wolandira anathana nawo kale. Nkhani yatsopano, imelo yatsopano, mutu watsopano.

Thoko: Nanga ndikakhala ndi mafunso atatu kwa munthu mmodzi? Nditumize maimelo atatu? Sizioneka ngati ndikumuvutitsa?

Mai Nkhoma: Zimatengera ngati mafunsowo ndi a nkhani imodzi. Ngati onse ndi a msonkhano umodzi, imelo imodzi, koma muwapatse manambala 1, 2, 3, lililonse pa mzere wake, ndipo munene pamwamba kuti muli mafunso atatu. Mukawabisa m'ndime imodzi, muyankhidwa loyamba lokha kapena lomaliza lokha, zimenezo n'zosachita kufunsa. Ndi manambala, munthu amatha kuyankha kuti "1 inde, 2 ayi, 3 ndiyankha Lolemba." Koma ngati funso lina ndi la malipiro, lina ndi la galimoto ya ofesi, agaweni. Chifukwa chake n'chakuti funso lovuta limagwira losavuta. Munthu akanatha kuyankha la galimoto m'mphindi imodzi, koma akudikira kaye kuti apeze yankho la malipiro, onse awiri n'kugona.

Chifundo: Ine ndiikepo za madeti, chifukwa apa ndi pamene anthu odziwa kulemba amagwa. "Mwachangu" si tsiku. "Posachedwapa" si tsiku. Kwa inu mwachangu ndi lero, kwa iye ndi sabata ino. Ngakhale "Lachisanu likubwerali" ndi msampha, chifukwa simukudziwa tsiku limene adzatsegule imeloyo. Lembani dzina la tsiku, deti, ndi mwezi m'mawu.

Mwezi m'mawu, ndikubwereza. 03/04/2025 kwa munthu wa ku Britain ndi 3 Epulo, kwa wa ku America ndi 4 Malichi. Onse awiri awerenga molondola malinga ndi kwawo, koma asiyana pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo palibe amene afunse chifukwa aliyense akuona kuti wamva.

Nthawi nayonso, mukamalembera munthu wa dziko lina, tchulani kuti ndi nthawi ya kuti. Ndipo musaloweze pamtima kuti "amasiyana nafe maola mwakuti", chifukwa mayiko ena amasuntha mawotchi. Ku Britain amasuntha Lamulungu lomaliza la Malichi ndi lomaliza la Okutobala, ku America Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi loyamba la Novembala. Ndiye pali masabata angapo pamene ngakhale London ndi New York sasiyana monga mwa masiku onse. Njira yosavuta ndi kutumiza kuitana kwa pa kalendala pamodzi ndi imelo, kalendala imamusinthira yokha aliyense nthawi ya kumene ali.

Thoko: Zonsezi ndamva, koma ndili ndi nkhawa imodzi. AMwale akuti pempho likhale pamwamba. Kodi sizimveka mwano kungofika n'kuyamba kulamula, makamaka kwa bwana kapena munthu amene simunakumanepo naye?

aMwale: Sindinati muchotse moni, achemwali. Moni akhalepo, ndi dzina la munthu lolembedwa molondola, ndi udindo wake ngati ndi koyamba. Mzere umodzi. Chimene ndikukana ndi ndime yonse yofunsa za moyo, za banja, za ntchito, kupepesa posokoneza, kuthokoza pasadakhale, pempho lisanaoneke. Ulemu suli pa kutalika. "Ndikupempha kuti" ndi "ngati kungatheke" ndi ulemu wokwanira, ndipo kumuuza munthu chifukwa chimene mukufunira chinthu pa tsiku limenelo ndi ulemu woposa moni wautali.

aGondwe: Apa ndisiyana nanu pang'ono aMwale. Kwa anzanu a mu ofesi imodzi, zoona. Koma imelo yoyamba kwa munthu amene sakukudziwani siingayambe ndi pempho. Funso lake loyamba si "akufuna chiyani", ndi "ameneyu ndani, adiresi yanga waitenga kuti". Mukapanda kuyankha limenelo, pempho lanu lomveka bwinolo lioneka ngati la akuba. Chiganizo chimodzi chodzifotokoza chibwere kaye: dzina, kumene mukugwira ntchito, ndi amene wakutumizani kwa iye kapena kumene munakumana. Kenaka pempho.

Ndipo onani mmene iye akuyankhira. Akayankha ndi dzina lake loyamba lokha ndi mizere iwiri, mutha kumasuka pang'ono. Akasunga maudindo onse, sungani inunso. Amene ali pamwamba kapena amene mukumupempha ndiye amatsitsa mlingo, osati inu.

aMwale: Pamenepo ndavomera. Kwa mlendo, kudzifotokoza kuyambe.

Tadala: Nanga CC ndi BCC? Ambiri timangoika anthu paliponse pamene pali malo.

aGondwe: Mayina amenewa ndi a nthawi ya mataipi: CC ndi kope la kaboni, lija linkatuluka pansi mukaika pepala lakuda pakati. Tanthauzo lake silinasinthe. Pa To pamakhala amene akuyenera kuchita kanthu. Pa CC pamakhala amene akungoyenera kudziwa. Vuto limabwera mukaika anthu asanu pa To n'kulemba kuti "chonde wina athandize". Aliyense amaganiza kuti mnzake achita, ndipo palibe amachita. Ngati anthu ndi angapo, tchulani mayina mkati: Mayi Banda atumize manambala, Bambo Phiri aone mgwirizano.

BCC ndi kope lobisika: amene mwamuika pamenepo amalandira imelo koma olandira enawo samuona. Ili ndi ntchito ziwiri zabwino. Yoyamba, mukamatumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri osadziwana, monga makasitomala kapena ofunsira ntchito. Mukawaika pa To kapena CC, mwagawa maadiresi a anthu kwa alendo, ndipo m'mayiko ambiri zimenezo ndi kuphwanya malamulo oteteza zinsinsi za anthu. Yachiwiri, wina akakulumikizani ndi mnzake, poyankha mumamuika wokulumikizaniyo pa BCC n'kunena poyera kuti mwatero, kuti aone kuti mwayankha koma asamalandirenso zonse zotsatira.

Ntchito yoipa ndi kuika bwana pa BCC mwakabisira pofuna kumunenera mnzanu. Kupatula kuti ndi khalidwe loipa, zimaululika mosavuta. Munthu wa pa BCC akadina Reply All, yankho lake limapita kwa onse a pa To ndi CC, ndipo aliyense amadziwa kuti panali wina akumvetsera kuseri kwa chitseko. Ngati bwana akuyenera kuona, muikeni pa CC poyera, kapena mutumizireni padera pambuyo pake.

Chifundo: Ndipo Reply All yolemba "Zikomo" yokha kwa anthu 40 ndi maimelo 40. Thokozani amene wakuthandizaniyo.

aChirwa: Ndabwera mochedwa, koma ndilankhulepo za mafayilo, chifukwa imelo yolembedwa bwino imatha kufera pamenepa.

Kukula kaye. Gmail imalola mafayilo okwana 25 MB pa imelo imodzi, kupitirira apo imaika fayilo pa Google Drive n'kutumiza linki. Koma dziwani kuti fayilo ikamayenda mu imelo imasandutsidwa zilembo mwa njira yotchedwa Base64, ndipo imakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Fayilo ya 18 MB imafika cha m'ma 24 MB panjira. Seva ya kampani ya wolandira ikhoza kukhala ndi malire otsika kuposa anu, imelo n'kubwerera. Ikabwerera musangofufuta, werengani nambala ili mkatimo. Yoyamba ndi 4 ndi vuto la kanthawi, seva iyesanso yokha. Yoyamba ndi 5 ndi kukana kotheratu. 5.1.1 ndiye kuti adiresi imeneyo kulibe, mwina mwalakwitsa chilembo. 5.2.2 bokosi la munthuyo ladzaza. 5.3.4 uthenga wakula kwambiri.

Mukatumiza linki, onani chilolezo. Inu imatseguka chifukwa fayilo ndi yanu, iye akukumana ndi uthenga woti apemphe chilolezo, ndipo tsiku lapita. Yesani kutsegula linkiyo pa windo ya Incognito, ija imatseguka musanalowe mu akaunti yanu, muona zimene munthu wakunja akuona.

Dzina la fayilo: "Scan0003.pdf" kapena "lomaliza lenileni 2.docx" ndi kumuzunza wolandira. Lembani ngati 2025-04-10_Lipoti_Kotala1.pdf. Chaka poyamba, kenaka mwezi, kenaka tsiku, ndi ndondomeko ya ISO 8601, ndipo ubwino wake mafayilo amadzindandalika okha motsatira nthawi mu foda.

Chimene chimachititsa manyazi kwambiri ndi zimene zimatsalira mkati mwa fayilo. Chikalata cha Word chimanyamula ndemanga ndi zosintha zonse ngati Track Changes inali yoyatsa ndipo simunazivomereze. Kungozibisa pa sikirini sikuzichotsa. Excel imanyamula mizati ndi masamba obisika, wolandira amangodina Unhide. Ngakhale PDF, mukajambula bokosi lakuda pamwamba pa mawu, mawuwo akadali pansi ndipo amakopeka. Ngati chikalata n'choti munthu angowerenga kapena kusayina, chipite ngati PDF yopangidwa kuchokera ku kope loyeretsedwa. Ngati n'choti akonze, chipite cha Word, koma mutachiyendetsa kaye mu Inspect Document, chida cha mu Word chofufuza ndi kuchotsa zotsalirazo.

Thoko: AChirwa, nanga fayilo ija imafika ndi dzina loti winmail.dat, yosatseguka ndi chilichonse, imachokera kuti?

aChirwa: Imeneyo ndi ya wotumiza, osati wolandira. Outlook ikamatumiza mu mtundu wa Rich Text imakulunga mafayilo m'njira imene mapulogalamu ena a imelo saimva. Wotumiza asinthe mtundu wa uthenga ukhale HTML kapena Plain Text, atumizenso, zatha. Zofanana ndi zithunzi za iPhone za mtundu wa HEIC, makompyuta ena a Windows sazitsegula popanda kuikamo kanthu kena. Sandutsani JPG kapena PDF musanatumize. Komanso Gmail imakana mafayilo monga .exe, .bat ndi .js ngakhale mutawabisa mu zip, ndiye musataye nthawi kuyesa.

China chimene ambiri sadziwa: Reply sinyamula mafayilo a imelo yoyamba, Forward ndiyo imanyamula. Mukawonjezera munthu watsopano pa CC poyankha n'kumuuza kuti aone chikalata chili m'munsi, iye sakuona chikalata chilichonse.

Mai Nkhoma: Ndipo musanadine Forward, tsikirani pansi muwerenge zonse zili m'munsimo. Imelo imene yayenda kasanu mkati mwa ofesi imanyamula zokambirana zonse, kuphatikiza pomwe wina analemba kuti kasitomala ameneyu ndi wovuta. Kenaka wina amaitumiza kwa kasitomala yemweyo.

Pa nkhani yoiwala fayilo kapena kutumiza uthenga wosatha, mankhwala ake ndi kulemba mobwerera m'mbuyo. Phatikizani fayilo poyamba, lembani uthenga, lembani mutu, adiresi ikhale yomaliza. Popanda adiresi imelo siingapite ngakhale chala chitaterereka. Poika adiresiyo yang'anitsitsani dzina limene kompyuta yakusankhirani, chifukwa mukalemba zilembo zitatu imabweretsa munthu amene mumalemberana naye kawirikawiri, osati amene mukumufuna. Gmail imakumbutsa mukaiwala fayilo, koma imadalira kuona mawu ngati "attached" mu uthenga. Mukalemba m'Chichewa kuti "ndaphatikiza", musayembekezere kuti ikuchenjezani.

Tadala: Ikapita kale molakwika, ingabwezedwe?

aChirwa: Pang'ono chabe. Undo Send ya Gmail si kubweza, ndi kuchedwetsa. Imaigwira imelo kwa masekondi 5, 10, 20 kapena 30 malinga ndi mmene mwasankhira mu Settings. Ikani 30 lero lomwe, palibe chimene mutaye. Recall ya Outlook imagwira ntchito pakati pa anthu a kampani imodzi amene maimelo awo amayenda pa seva za Microsoft, Exchange kapena Microsoft 365. Kwa munthu wakunja siichotsa kanthu, mwinanso amalandira uthenga woti mukufuna kubweza imelo, ndiye mwamuitana kuti aiwerenge bwinobwino. Ikapita kunja, tumizani ina yachidule: mwalakwitsa chiyani, cholondola ndi chiti, ndipo ngati munali zachinsinsi, pemphani aifufute ndipo dziwitsani oyang'anira kuntchito kwanu msanga.

Chifundo: Tibwerere ku funso loyamba la Tadala, la kudikira. Ngakhale mutalemba bwino, ena sayankha. Dikirani masiku awiri kapena atatu a ntchito pokhapokha tsiku lomaliza lili pafupi. Kumbutsani poyankha imelo yanu yomwe ija kuti zonse zikhale pamodzi, ndipo phatikizaninso fayilo chifukwa cha zimene anena aChirwa. Musalembe "Ndikungokumbutsa" basi, chifukwa mwamutuma munthu kukawerenganso zakale. Bwerezani pempho lonse mu chiganizo chimodzi. Ngati n'kotheka muchepetsereni ntchito: m'malo mofunsa "tikumane liti?", perekani masiku awiri asankhe. M'malo mwa "mukuganiza bwanji?", lembani kuti "ndikuganiza zotenga njira yachiwiri, mukuvomereza?" Funso loyankhika ndi inde kapena ayi limayankhidwa ngakhale munthu ali pa foni pakati pa misonkhano.

Mukakumbutsa kawiri osayankhidwa, imbani. Mukamaliza kulankhula, lembani mizere itatu ya zimene mwagwirizana, ndani achita chiyani pofika liti, kuti zisadzakhale za "ine sindinanene choncho".

aGondwe: Pali nkhani zina zosayenera kuyambira pa imelo n'komwe. Kudzudzula munthu, kukana chinthu chimene wachivutikira, nkhani imene yabwerera katatu osamvana. Zilembo zilibe nkhope kapena mawu, ndiye chiganizo chimene inu mukuchiona kuti n'chachidule iye amachimva ngati chaukali. Ngati mtima uli m'mwamba ndipo simungathe kudziletsa, lembani koma pa To pakhale popanda kanthu, muwerengenso m'mawa mwake. Chotsani "nthawi zonse mumatero" ndi "monga ndinanena kale", patsale zimene zinachitika ndi madeti ake: chikalata chinayenera kufika pa 3, chafika pa 9, zotsatira zake ndi izi, ndikupempha izi. Zilembo zazikulu zokhazokha zimamveka ngati kukuwa. Ndipo chilichonse mwalemba chitha kutumizidwa kwa wina, kusindikizidwa, kapena kuwerengedwa pa mlandu patapita zaka.

aMwale: Kumbali ya wolandira, chenjezo limodzi. Imelo yonena kuti "tasintha akaunti ya kubanki, lipirani ku iyi" musaikhulupirire ngakhale italembedwa mwaluso chotani, ngakhale ili mu mndandanda wa maimelo enieni. Akuba amalowa m'bokosi la munthu n'kuyankha kuchokera mmenemo, kapena amapanga adiresi yofanana, monga kuika r ndi n pamodzi kuti zioneke ngati m. Dinani pa dzina muone adiresi yonse, ndipo mukadina Reply onani ngati yankho likupita kumene imelo inachokera. Kenaka imbani pa nambala imene munali nayo kale, osati ili mu imeloyo. Inunso mukasinthadi akaunti, yembekezerani kuti anthu akuimbirani, musakhumudwe.

Tadala: Lomaliza kwa ine: siginecha ya pansi pa imelo, paja timalembapo dzina lathu, ikhale ndi chiyani? Ena amaika chithunzi chachikulu ndi mawu anzeru.

aChirwa: Dzina lonse, udindo, kumene mukugwira ntchito, nambala ya foni yokhala ndi nambala ya dziko kutsogolo. Mizere inayi kapena isanu. Zikhale zilembo zenizeni, osati chithunzi, chifukwa Outlook nthawi zambiri saonetsa zithunzi za pa intaneti mpaka wolandira atalola, ndipo nambala ya pa chithunzi munthu sangaidine kuti aimbe kapena kuikopera. Mawu anzeruwo asiyeni, amatha kugwera pansi pa imelo yokana pempho la munthu n'kumveka ngati chipongwe. Konzani masiginecha awiri, yathunthu ya imelo yoyamba ndi yaifupi ya mayankho. Ikamabwerezedwa yathunthu pa yankho lililonse, uthenga umanenepa, ndipo Gmail imadula uthenga ukapitirira 102 KB, zotsalazo munthu amayenera kudina kaye kuti azione. Onaninso ya pa foni yanu, imakhala ndi yake yosiyana ndi ya pa kompyuta, ndipo ambiri imangonena mtundu wa foni popanda dzina lawo.

Thoko: Ya pa foniyo ndiye ndikukonza pompano. Ili pati mu Gmail?

aChirwa: Tsegulani Settings mu apu, sankhani akaunti yake, mupeza pomwe alemba za siginecha ya pa foni. Akaunti iliyonse ili ndi yake, ndiye ngati muli ndi ya kuntchito ndi yanu pa foni imodzi, konzani zonse ziwiri.